Kiyi wa njinga ya Edina

Ine sindiyenda maulendo. Ku Mtiya kuno komwe ndimapita n'kutchalitchi, kumsika ndi kumaliro. Koma mdzukulu wanga Edina atandiuza kuti akupita ku mpikisano wa njinga wa masiku atatu, kukagona m'malo osiyanasiyana ndi anthu oti makolo awo sindiwadziwa, ndinasolola chikwama changa pansi pa bedi n'kuchipukuta fumbi.

Edina ndamulera ndekha, mayi ake ali ku Joni. Ndi mayi akewo amene anamutumizira njingayo, chinthu choonda ngati udzudzu, matayala ngati chala changa chaching'ono. Imagona kuchipinda kwanga, pa tcheni, yomangidwa ku mwendo wa bedi, ndipo kiyi wa loko amakhala m'khosi mwanga pa kachingwe. Azakhali ake ku Chikamveka ali ndi makina osokera omwe akhala akumudikira zaka ziwiri, iye ali pikitipikiti kukwera phiri n'kutsika opanda ndi mtolo wa nkhuni womwe. Ndiye tisananyamuke tinapangana.

"Pa masiku atatuwo," ndinatero, "tsiku limodzi lokha ufike woyamba, wachiwiri kapena wachitatu. Ukatero kiyi uyu ndi wako. Zikakanika, njinga ikhala pa tcheni, iwe ukakhala pa makina."

"Anganga, ntchito yanga m'timu si yopambana. Wopambana ndi Mwandida. Ine ndimamutchinga mphepo."

"Mphepo ya Mulunguyi?"

"Eya."

"Iye alibe juzi?"

Anandiyang'ana, n'kukapakira zovala.

Tinanyamuka Lachinayi m'mawa pa minibasi ya timu, njinga zisanu pamwamba. Munali atsikana asanu, dalaivala wawo a Jafali omwe ndi makaniko omwe, ndi akochi, mayi Nampinga, mzimayi wamfupi wovala mawotchi awiri. Munthu wovala mawotchi awiri ndiye kuti imodzi saikhulupirira, ndipo ndinawalemekeza pang'ono pa chifukwa chimenecho. Atandiona ndi chikwama komanso zigubu zanga ziwiri za madzi owiritsa anati, "Anganga, malo mulibe."

"Ndiye mwana wanga atsike, malo apezeka awiri."

Anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi kulabokosi ya mabotolo.

Mpikisano umayambira ku Mulanje, ndiye tinadzera msewu wa Jali. Titangodutsa Jali, kutsogolo kwa minibasi kunayamba kufuka ngati msakasa wa fodya. A Jafali anatsegula, kuyang'ana, n'kutseka. Fanibeluti yaduka. Anakwera kabaza kubwerera pa Jali kukasaka ina, ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira dzuwa lili apa mpaka litapendeka. Atsikana anatsitsa njinga kuopa kuti matayala angaphulike ndi dzuwa. Anyamata a kabaza anasonkhana kudzaziona.

"Asisi, keliyala ili kuti? Kasitomala amakhala pati?"

Wina anainyamula ya Mwandida ndi chala chimodzi, n'kuiika pansi mwachisoni. "Iyi singanyamule ngakhale nkhuku."

Anthu atachuluka ndinatulutsa tcheni changa n'kumangirira njinga ya Edina ku mtengo. Mwandida, mtsikana wakuda wa phee, wa masaya olowa, anaona kiyi m'khosi mwanga n'kufunsa. Edina, yemwe pakamwa pake palibe loko, anafotokoza pangano lonse, akochi akumva. Palibe anaseka. A Jafali anabwera ndi fanibeluti yomwe anati ndi yatsopano. Ndinaiyang'ana. Inali yatsopano kwa iwo.

Pa Phalombe ndi pomwe makolo a amayi anga anadzera pochokera ku Mozambique. Ndinayang'ana phiri kuti ndione ngati kukubwera mvula, kunalibe. Tinafika pa Chitakale chamadzulo, ndipo chipinda chomwe anatipatsa chinali ndi loko amene kiyi wake amatsegulanso chipinda chinzake. Ndinayesa.

M'mawa wa tsiku loyamba ndinawapeza akochi atagwada pa kulabokosi, akutapa ufa woyera m'chitini chopanda dzina n'kumathira m'mabotolo.

"Amayi, n'chiyani chimenecho?"

"Gulukosi ndi kamchere, Anganga. Shuga basi. Popanda ameneyu miyendo imazima."

Shuga ndimamudziwa. Ndamugula pa sikelo, ndamugula m'timapepala. Shuga sakhala wosalala ngati ufa wa ana. Sindinafunsenso, chifukwa ukafunsa kawiri anthu amadziwa zomwe wadziwa.

Mpikisano wa njinga, ukauonera m'galimoto, ndi misana ya anthu. Atsikana ambirimbiri kutsogolo ataunjikana ngati njuchi, magalimoto a matimu pambuyo pamzere, kuyenda liwiro la maliro. Tiyi wa ku Thyolo ndinamuona m'mbali mwa diso. Chomwe ndinaona bwino ndi ichi: Edina anachoka m'gulu muja, kubwerera m'mbuyo mpaka pa windo lathu, akochi anati ndiwapatsire mabotolo anayi, iye n'kuwalonga m'jezi, kumsana ndi pachifuwa, ngati chinangwa chakuba. Kenako anapalasa n'kulowanso m'gulu, osaonekanso. Anatero katatu. Anzake anayi aja sanabwere ngakhale kamodzi kudzatenga madzi.

Ndinawerenga pa zala. Mabotolo khumi ndi awiri a ufa woyera, onse mwa mwana wanga. Enawo ayi.

Pa Limbe Mwandida anafika woyamba, anamuveka jezi yachikasu ya wotsogola mpikisano wonse, anamujambula. Edina anafika wa nambala 19, nkhope ili mbuu ndi mchere wa thukuta, akusekerera mpaka mano onse. Munthu wa nambala 19 akamasekerera choncho, pali chomwe amumwetsa.

Tsiku lachiwiri m'mawa Edina ananyamula kulabokosi kuchokera kuchipinda kwa akochi n'kukaiika m'minibasi. Zikwama zonse, ndi chitini chija, zinatsogola pa lole ya okonza mpikisano kupita ku Balaka komwe tsikulo limathera. Onse atapita kukasaina ndi kukapemphera, ine ndinati nditsala ndilondere katundu. Kuseri kwa nyumba yomwe tinagona kunali mtengo wa papaya. Ndinathira pamenepo mabotolo onse, limodzilimodzi, kuwatsukuluza, n'kudzazamo madzi anga owiritsa a ku Mtiya. Ndinatseka bwinobwino. Sindine munthu wosiya ntchito yapakati.

Kunyamuka kunachedwa ndi ola lathunthu podikira galimoto yotsogolera, yomwe akuti inapita kukathira mafuta. Dzuwa silinadikire. Pa Lunzu kunali kotentha, pa Lirangwe kotentha kwambiri, potsikira ku Zalewa ndinavula mpango wa m'mapewa, chinthu chomwe sindichita pagulu. Mphepo imaomba chammbali. Kutsogolo kwa gulu kunali atsikana a jezi zofiira, timu yochokera ku Lilongwe, akusinthana pamzere: wina atsogole pang'ono, apatuke, wina alowe, ngati amayi osinja mtondo umodzi. Mkulu wawo, mtsikana wamtali, anali pambuyo pawo osatsogolako.

"Wapatsogolo ndi amene amadya mphepo," akochi anatero osandiyang'ana. "Wapambuyo amapuma. Akumusunga wamtaliyo."

Edina anabwera, ndinapereka mabotolo anayi ndi mtima woyera. Sipanatenge nthawi, anabweranso, akukuwa asanafike pa windo.

"Akochi! Ndi madzi okhaokha! Mwandida akuti alibe kanthu m'miyendo!"

"Sizingatheke, ndasakaniza ndekha!"

Akochi anatsegula botolo, kulawa, kutsegula lina, kulawa. Ine ndinayang'ana mbuzi kunja. Ndipo m'mutu mwanga munali funso limodzi: Mwandida walawa bwanji madzi a Edina?

A Jafali anaimika pa Phalula kuti tigule zakumwa zotsekemera. Okala yoyamba inali yotseka, mwini wake atapita kumsewu kukaonerera njinga zomwezo. Yachiwiri munali sopo ndi machesi. Pomwe timapeza yachitatu n'kuthamangira gulu, gululo linali litaduka pakati. Ofiira anaona Mwandida akugwedezeka pa chishalo, n'kuwonjezera moto. Kutsogolo kunatsala atsikana asanu ndi atatu, ndipo Edina anali m'kati mwawo. Sindinamuonepo pafupi ndi kutsogolo chotero. Ndinagwira kiyi m'khosi.

Ndiye anacheuka. Anaona jezi yachikasu ikutsalira, anasiya kupalasa, n'kudikira. Anatenga chakumwa chija pa windo lathu n'kumupatsa Mwandida, anakhala kutsogolo kwake, tayala la Mwandida litatsala pang'ono kukhudza lake, n'kuweramira pa hendulo. Kuyambira pamenepo mpaka Chingeni, Chingeni mpaka Balaka, sanadzukenso. Tinali pambuyo pawo penipeni, ndiye nthawi imeneyi ndinaona zonse. Ndinaona botolo likuchoka m'jezi ya Edina kupita m'dzanja la Mwandida. Iye anamwa lotsala.

Pa Balaka Mwandida anapezeka atataya mphindi zitatu. Jezi yachikasu anaveka wamtali uja.

Mlandu unazengedwa masana omwewo, pansi pa mtengo kuseri kwa holo yomwe anatipatsa kuti tipumulemo. Atsikana anakhala pansi, miyendo ili tambe. Akochi anaimirira.

"Mabotolo ndasakaniza ndekha. Amene wanyamula kulabokosi kupita kugalimoto ndani?"

"Ndine," Edina anatero.

"Amene akufuna nambala yake yake pa mpikisano uno, tonse tinamva pa Jali, ndani?"

Onse anayang'ana Edina.

"Koma akochi, wandikoka mpaka kuno," Mwandida anatero motsitsa.

"Atazindikira kuti zaipa. Ine m'timu mwanga sindisunga munthu woti ndizimuyang'ana m'manja. Edina, mawa sukwera. Ukafika ku Zomba ubweze jezi."

Ndimafuna achoke pa njinga, n'zoona. Makina analipo, akudikira. Ndikanangokhala chete, zonse zomwe ndinanyamukira ku Mtiya zikanatheka popanda ine kutukula chala. Koma mwana wa mwana wanga achoke ndi dzina la wakuba, ayi. Kwathu kulibe zimenezo.

"Amayi," ndinatero, "mankhwala anu wamwa ndi papaya wa ku Limbe."

Onse anatembenuka.

"Kuseri kwa nyumba ija. Mabotolo onse. Mukadzadutsako mudzaone ngati wabereka."

Akochi anakhala pansi, koyamba chiyambire ulendo. Ndinafotokoza zomwe ndinaona dzulo lake, mabotolo khumi ndi awiri mwa mwana mmodzi. A Jafali anapita kuseri kwa minibasi, mapewa akugwedera. Edina anaphimba nkhope.

"Anganga, ine ndimakatengera anzanga! Ndiye ntchito yangayo!"

"Unati mphepo. Za madzi sunanene."

"Mukanandifunsa ine," Mwandida anatero.

"Ndifunse iwe, wopindula?"

Akochi anatumiza mtsikana kukatenga chitini m'chikwama. Anachitsegula n'kundilozetsa. Ndinati ayambe ndi iwo. Ananyambita. Ndinadikira pang'ono kuti ndione, kenako ndinanyambita nanenso. Anali shuga. Wa mtundu wake, koma shuga.

Kupepesa ndinapepesa, kwa Mwandida, kamodzi, momveka. Akochi anapepesa kwa Edina. Ndipo pa ulendo wa madzulo wopita ku Liwonde, komwe tsiku lomaliza limayambira, anandisamutsa pa kulabokosi n'kundikhazika kutsogolo pakati pa iwo ndi a Jafali, pomwe palibe choti munthu n'kugwira kupatula giya.

Tsiku lachitatu linali lobwerera kwathu: Liwonde, Machinga, Zomba, n'kukathera pamwamba pa phiri. M'mawa akochi anayala zitsekerero za mabotolo pa mchenga, zofiira uku, zathu uku.

"Mphindi zitatu n'zambiri. Edina, ukathawe pa zitunda za Machinga. Ofiira akuyenera kukuthamangitsa, atope. Mwandida, iwe bisala mpaka patsinde pa phiri. Vuto ndi loti wamtaliyo ali ndi awiri amphamvu omutchinga, akhoza kumufikitsa patsinde asanatuluke thukuta."

"Samufikitsa," ndinatero.

"Anganga, chonde."

"Dzulo pomuveka jezi, mmodzi wa awiriwo, wa tsitsi lomanga, anatsonya. Madzulo awiriwo anadyera paokha, iye payekha. Lero m'mawa wawatuma kupopa matayala ake, osanena zikomo. Amutchinga pomwe pali anthu oonerera. Pakafika pothina, amusiya."

Akochi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kusuntha zitsekerero ziwiri zofiira kuziika pambali. "Ngati zili choncho, Edina, uthawe msanga, pa chitunda choyamba."

Anathawadi, ndi atsikana awiri a matimu ena. Ofiira anathamangitsa. Pa Malosa wa tsitsi lomanga anapatuka n'kuyamba kumwa madzi mwaulemu ngati ali pa ukwati. Pa Songani mnzake anachita chimodzimodzi. Kuyambira pa Chinamwali wamtali uja amadya mphepo yekha, Mwandida ali pa msana pake ngati nkhupakupa. A Jafali anati, "Anganga, mukanakhala wapolisi." Ndinawauza kuti ayang'ane msewu.

M'tauni anthu anali mbali zonse. Ndinaona amayi a mvano a kwathu, ndinaona azakhali a ku Chikamveka ataima pa ngalande, akukuwa dzina la Edina, iwo eni makina. Msewu utayamba kukwera, Mwandida anaimirira pa njinga n'kumusiya wamtali uja. A Jafali anaimba hutala, tinamudutsa Mwandida ali yekhayekha, n'kukapeza atatu akutsogolo pa makhotakhota a m'mitengo ya paini.

Atatu. Ndinawerenga kawiri. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu pafupi. Edina akanangokhala pomwepo mpaka pamwamba, ngakhale awiriwo amupitirire, anali wachitatu. Phiri limeneli amalidziwa kuposa khitchini yanga.

Akochi anatulutsa mutu pa windo. "Edina! Mwandida akubwera yekha, mphepo ikumubweza! Mudikire!"

Edina anacheuka. Sanayang'ane akochi. Anayang'ana ine, kenako pakhosi panga.

Akochi anali asanabweze mutu, koma ndinaona dzanja lawo likufinya chitseko.

Ndinaweramira pa mapewa awo kuti mawu atuluke.

"Ukundiyang'ana ine, ndine msewu? Wamva zomwe anena akochi!"

Anasiya kupalasa. Awiri aja anapita, anakhota, osaonekanso. Iye anakwera pang'onopang'ono, amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni akumudabwa, mpaka Mwandida anatulukira. Edina anatulutsa botolo, kumupatsa, kukhala kutsogolo, n'kuwerama. Anakoka khota loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anawapeza awiri aja n'kuwadutsa. Pa khota lina, pomwe pamatsika madzi m'mwala, miyendo yake inangozima. Anapatukira kumbali, anakuwa mawu amodzi, "Pita!", ndipo Mwandida anapita.

Ife tinatsatira Mwandida, chifukwa galimoto imatsatira wopambana. Ndinamuona Edina pa galasi la a Jafali, akucheperachepera, njinga ikuyenda mokhotakhota ngati ya woledzera.

Pamwamba kunali nkhungu ndi kuzizira. Mwandida anafika woyamba. Akochi anayang'ana mawotchi onse awiri. Mphindi imodzi, ziwiri, ziwiri ndi theka, wamtali uja n'kutulukira, pakamwa pali yasa. Jezi yachikasu inakhalabe ya wamtaliyo. Mwandida anaperewera ndi theka la mphindi pa masiku onse atatu. Theka la mphindi ndi nthawi yomwe ndinkatenga kukhuthula botolo limodzi pa papaya. Ndinawerengera ndekha, palibe anandiuza, ndipo palibe anandiyang'ana, zomwe zinali zoipa kuposa kundiyang'ana.

Edina anafika wa nambala 12. Anatsika, kugoneka njinga pa udzu, n'kukhala pansi pambali pake. Mwandida anabwera ndi maluwa omwe anamupatsa, anakhala naye, mitu itagundana. Ndinagula mabulosi kwa mayi wina, nditawatembenuza kaye kuona a pansi, n'kupita nawo.

Edina anadya awiri. Kenako anatukula njinga n'kuisendeza kwa ine.

"Mangani, Anganga. Nambala 12."

"Ndaona."

"Lolemba ndipita kwa azakhali."

Pangano ndi pangano. Ndinanena kuti kiyi ndimupatsa akafika woyamba, wachiwiri kapena wachitatu, ndipo ine mawu anga sindibweza, chifukwa ukabweza kamodzi ana amazolowera. Ndinavula kachingwe m'khosi.

"Iwe Mwandida. Wafika wachingati lero?"

"Woyamba, Anganga."

"Tambasula dzanja."

Ndinamuika kiyi m'dzanja n'kulifumbatitsa. Mwandida anayang'ana kiyi, anayang'ana ine. Sanachedwe naye. Anamukoleka m'khosi mwa Edina mmene amakolekerana mendulo. Zimenezo si za ine. M'timu mwawo zinthu zimadutsa m'manja, ndinaziona ndekha pa msewu wa ku Balaka.

Tinatsika phiri pa minibasi, a Jafali akuponda mabuleki mpaka kununkha. Anatitsitsa pa Mtiya dzuwa likadalipo. Edina analowetsa njinga, osati kuchipinda kwanga koma kwake, n'kuimangirira yekha ku bedi lake, chifukwa china chake waphunzira. Akochi atumiza kale uthenga woti mpikisano wina ukadzabwera ndidzapite nawo, ndizikakhala kutsogolo, ndiziyang'ana matimu ena mmene akudyera. Ndati ndiganiza kaye.

Loko uja pogula anali ndi makiyi awiri. Winayo ali pomwe ali.